Burande wa 1964 wa Dokotala Mwangonde

Pulani yonse inabadwira m'galaja ya Mthunzi ku Lawrence, m'mbali mwa mzinda wa Indianapolis, Lamlungu masana, amunawo atangoweruka kutchalitchi, mataye ali m'khosi. Anali atatu pamipando ya pulasitiki, pakati pawo pali kabokosi ka ayezi kodzaza ndi mowa wam'zitini.

Mwini pulani anali Lucious. Anzake ankamutcha Injiniya chifukwa anaphunzirapo uinjiniya semesita imodzi, asanazindikire kuti masamu a kuno alibe chibale. Tsopano ankakhala ku South Bend, komwe ankayendetsa vani yonyamula okalamba kupita nawo kuchipatala. Wachiwiri anali Madalo, wokhala ku Speedway, pafupi ndi bwalo la mpikisano wa galimoto. Dzina loti Sipidi analitengera kumeneko basi, chifukwa pamsewu munthuyo ankayendetsa ngati akuperekeza maliro a mfumu.

Wachitatu anali Mthunzi mwini galajayo, wosamalira odwala panyumba ina ya okalamba. Atangofika ku America anatsukapo matambula miyezi inayi mulesitilanti ya anthu olemera m'tauni ya Indianapolis, ndipo kuyambira pamenepo anadzipatsa yekha ukatswiri wa zakumwa. Ngakhale madzi a pampopi ankayamba wawanunkhiza, maso atatsinzina. N'chifukwa chake ankatchedwa Mphuno, ndipo iye ankaliyesa dzina laulemu.

“Amwene,” anatero Lucious akutsegula chitini chachitatu, “ndakupezerani dilu yoti adzukulu anu adzaiphunzira kusukulu.”

“Ngati ndi zogulitsanso mafuta ochepetsa mimba, ine ayi,” anatero Madalo.

“Zachibwana zimenezo zinatha. Mukuwadziwa Dokotala Tuntufye Mwangonde?”

Panalibe Mmalawi wa ku Indiana wosawadziwa. Anali mkulu wa zaka makumi asanu ndi atatu, wa ku Karonga, yemwe anagwira ntchito ya udokotala ku South Bend zaka zambirimbiri. Mkazi wawo, Mayi Odile, anali wa ku France, ndipo anamwalira zaka zitatu zapitazo. Lucious ndiye ankawatenga adokotalawo Lachiwiri lililonse kupita nawo kokawongola mwendo.

“Madala amenewo ali ndi botolo,” Lucious anatsitsa mawu ngakhale kuti mumsewu munali galu yekha. “Apongozi awo anali ndi munda wa mphesa kummwera kwa France, wa makolo awo kuchokera kalekale. Amatcheza okha burande pamundapo. Wa m'botololi anatchezedwa mu 1964, chaka chomwe dziko lathu linabadwa. Wakhala mumgolo wamatabwa zaka makumi anayi asanalowe m'botolo. Linatsegulidwa kamodzi kokha. Aise, m'botolo limenelo muli nyumba ya ku Area 47, ndi mpanda womwe.”

“Wakuuza ndani mtengo?” anafunsa Mthunzi.

“Ine ndimawerenga.”

“Nanga wogula?”

“Pali mwenye wina wa shopu ya mowa ku Lafayette Road. Timadziwana.”

Kudziwana kwake kunali kwakuti Lucious anagulako ayezi kawiri, koma zimenezo sananene. Anatenga cholembera n'kuyamba kujambula pakatoni ya pitsa. Loweruka likubweralo Amalawi onse a ku South Bend adzakhala kupaki ya m'mbali mwa mtsinje, kukondwerera tsiku la ufulu wa dziko lawo, ndipo adokotala ndiwo mlendo wolemekezeka. Nyumba idzakhala yokha. Nambala yotsegulira chitseko Lucious ankaidziwa, poti ndiye ankawathandiza kulowa.

“Botolo sititenga, angandiganizire ine. Tikhuthula burande, tithiramo wathu wopanga tokha, tibweza pamalo pake. Madalawo samwanso, amangoliyang'ana. Adzafa asanadziwe.”

Mthunzi anakanda chibwano. Mu September anali ndi intavyu ya mapepala ake okhalira m'dziko muno, yomwe anaidikirira zaka zisanu ndi ziwiri. Akangolembedwa m'buku la apolisi, ntchito yatha, mapepala atha, ndipo mkazi wake Flora ndi ana awiri adzamuperekeza kubwalo la ndege. Anatsegula pakamwa kuti akane.

“Popanda iwe, Mphuno, dilu palibe,” anamutsekereza Lucious. “Ine ndi Sipidi tikhoza kuba viniga osadziwa. Mu Indiana muno ndani wina angasiyanitse burande weniweni ndi wabodza? Ndani wina angapange wabodza woti anamize dokotala?”

Mthunzi anakonza tayi. “Zoona, amenewo ndi ochepa,” anavomera.

Anagundanitsa zitini. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma m'galajamo munalibe wamkulu.

Masiku atatu otsatira, Mthunzi akaweruka ankadzitsekera m'galaja ngati sing'anga. Anaba masamba a tiyi wa ku Thyolo omwe apongozi ake anatumizira Flora. Anawiritsa, anasefa, anathiramo vodika wotchipa, shuga wopsereza, ndi masupuni atatu a sosi wakuda wa soya kuti mtundu ukhwime. Ataukweza padzuwa, unawala bwino ngati uchi.

“Mukupanga chiyani mmenemo, bambo a Chiyamiko?” anafunsa Flora pakhomo.

“Mankhwala a udzudzu.”

“Fungo lake ndiye lithamangitsa ndi ife tomwe.”

Loweruka m'mamawa ananyamuka pa galimoto ya Madalo, onse atavala maovolosi abuluu. Injiniya anali atagona ku Indianapolis kuti akhale ndi asilikali ake. Malinga ndi katoni ya pitsa ija, ulendo wa pa msewu wa US 31 unali wa maola awiri ndi theka. Koma katoniyo sinkamudziwa Sipidi. Anagwira chiwongolero ndi manja awiri, chifuwa chili pafupi ndi hutala, minda ya chimanga ikudutsa pang'onopang'ono moti Mthunzi akanatha kuwerenga mapesi.

“Ponda, aise! Watipitirira mayi woyendetsa ngolo ya mahatchi!”

“Mukufuna apolisi atiimitse?”

“Atiimitsa ndithu, adzayesa tafa!”

Ku Kokomo anaima kuti Madalo akataye madzi. Ku Rochester anaimanso chifukwa anamva kaphokoso kutayala. Chidebe cha burande wabodza chinali kumbuyo, padzuwa la July, chikuphikika mwakachetechete. Anafika ku South Bend mochedwa ndi ola lathunthu ndi theka.

Nyumba ya adokotala inali yanjerwa, pamsewu wa mitengo ikuluikulu, udzu wa pabwalo utafika m'mawondo. Lucious anadina nambala, chitseko chinatseguka, ndipo anatembenuka kuyang'ana anzake ngati wagoletsa chigoli.

Botolo linali pabalaza, m'kabati yagalasi, pafupi ndi chithunzi cha mayi wa tsitsi loyera akuseka. Linali botolo wamba, lobiriwira, pepala lake lolembedwa pamanja ndi inki yofwifwa.

“Ndi limeneli?” anafunsa Madalo mokhumudwa. “Ndimayesa likhala lagolide.”

“Sipidi, botolo lopanda kanthu lija ndinakutuma lili kuti?”

Madalo anasisita matumba a ovolosi, ngati botolo lingabisale m'thumba. “Ndalisiya pasinki. Koma ndalitsuka bwinobwino.”

Injiniya anagwira mutu. Posakhalitsa Madalo anathamangira kugalimoto n'kubwera ndi fulasiki yake yasiliva yomwe ankanyamuliramo tiyi popita kushifiti. Anataya tiyi wotsalamo, anatsukuluza kawiri, n'kuipereka monyadira.

Ntchito yokhuthula inali ya Mphuno. Anazula chitsekero mosamala, n'kupendeketsa botolo pafanelo. Anali atakonzeka kunena mawu aukatswiri omwe anamva kulesitilanti kuja. Koma fungo litamufika, mawuwo anathawa onse. Silinali fungo la mowa lomwe ankalidziwa, lobaya m'mphuno. Ili linabwera mofatsa, ngati munthu wogogoda kaye. Poyamba zipatso zouma, kenako china chonga matabwa a mipando yakale ya m'tchalitchi, kenako khungu la lalanje. Dontho limodzi linagwera pachala chake. Analinyambita.

“Bwanji?” anafunsa Lucious. “Ndi orijino?”

Mthunzi ananyambitanso chala, maso atatsinzina.

“Mphuno! Wakomoka?”

“Ndi orijino,” anatero motsitsa.

Anatseka fulasiki. Anathira tiyi wake uja m'botolo, ndipo pothirapo anachita manyazi omwe sanawamvetse. Anabwezera chitsekero, Lucious anaika botolo m'kabati, anapukuta galasi ndi mkono wa ovolosi.

“Mwaona? Mphindi khumi ndi ziwiri. Nyumba ya ku Area 47 ili m'manja mwa Sipidi. Tiyeni.”

Chitseko cha kumaso chinalira kuti tii, tii, tii, tii, n'kutseguka.

Dokotala Mwangonde analowa atatsamira ndodo, atavala suti yotuwa, kambendera ka Malawi kali pachifuwa. Anayang'ana amuna atatu a maovolosi omwe anaima pabalaza pawo ngati mitengo ya magetsi. Madalo anakumbatira fulasiki pachifuwa ngati khanda.

“Lucious? Ndiwe?”

“Ndi... ndine, adokotala. Mwabwerako msanga.”

“Ine ndalankhula mphindi zinayi. Atsala anthu khumi ndi mmodzi, aliyense ali ndi mapepala. Kutentha kumeneku ndingafere pampando. Ndapempha Mayi Chrissie, apampando a komiti, kuti anditule kaye, adzanditenga nyama ikapsya. Nanga inu?”

Apa tiyenera kumupatsa ulemu wake Injiniya, chifukwa bodza linatuluka lokha, lathunthu.

“Paipi ya kubafa munkadandaula ija, adokotala. Ndinati pa tsiku la ufulu, tiwachitire sapulaizi bambo athu. Awa ndi anzanga a ku Indianapolis, Mthunzi ndi Madalo. Mapulambala.”

“Maola awiri ndi theka kudzakonza paipi yanga?”

“Anayi,” anakonza Madalo.

Nkhope ya mkuluyo inawala. “Ana anga, ndimayesa chikondi chotere chinatsala kumudzi. Khalani pansi. Ayi, khalani. Chimwalirireni mayi anu Odile, nyumba ino sinalandirepo alendo otere. Lero ndi tsiku lalikulu. Nditsegula botolo la apongozi anga.”

“Ayi, adokotala, musavutike!” anakuwa onse atatu pamodzi.

“Mwambo wa kwathu, mlendo sakana.”

Anatsegula kabati, anatulutsa botolo lobiriwira lija ndi timatambula titatu tooneka ngati duwa losatseguka. Anathira pang'onopang'ono. Mthunzi anayang'ana tiyi wake akutsikira m'tambula. Pamwamba panayandama kathovu komwe Lachitatu kunalibe.

“Musafulumire,” anatero adokotala atakhala pampando wawo. “Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chinthu chadikira zaka makumi asanu ndi limodzi sichimwedwa ngati thobwa la paukwati. Gwirani tambula m'chikhatho, itenthedwe ndi thupi lanu. Yang'anani mtundu. Apongozi anga ankati ukapendeketsa tambula, burande wokhwima amatsika m'mbali ngati misozi, mosafulumira.”

Atatuwo anapendeketsa. Tiyi anatsika ngati madzi a m'ngalande.

“Tsopano mphuno. Osailowetsa yonse, mungapse. Yambirani patali, pachifuwa apa, muzikweza pang'onopang'ono. Mukumva chiyani?”

“Ndikumva France,” anatero Lucious.

“France yense? Uli ndi mphuno yaikulu. Nanga iwe, Mthunzi?”

“Ameneyu ndiye katswiri wathu,” anadumphira Madalo. “Timamutcha Mphuno.”

“Ooh! Ndiye tiuze, katswiri.”

Mthunzi ananunkhiza. Maola anayi a padzuwa anali atagwira ntchito yake. Munkamveka sokosi zonyowa, soya, ndi chisoni.

“Muli... muli kuya kwina, adokotala. Ndi kamchere.”

“Kamchere! Zodabwitsa. Zaka zonsezi sindinakamvepo. Tsopano lawani. Kadontho kokha, kakhale palilime, musameze msanga. Kasiyeni kalankhule.”

Anakasiya kalankhule, ndipo kanalankhula zambiri. Maso a Madalo anadzaza misozi. Lucious anameza mwamphamvu, n'kumwetulira ngati munthu wapondedwa chala pamaliro.

“Shuwa, adokotala, chinthu chotere sindinalawepo.”

“Ndikukhulupirira. Taona mnzakoyu mpaka akulira. Bweretsani matambula, ndikuonjezereni.”

Anaonjezera kawiri. Ulendo wachitatu anadzaza mpaka pakamwa, akuti malamulo a ku France sagwira ntchito pa tsiku la ufulu wa Malawi. Mthunzi thukuta linali kamukamu, maso ali pachitseko.

“Nanga inu simumwako, bambo?” anafunsa Lucious mwamantha.

“Ine madokotala anzanga anandiletsa, chifukwa cha mapilisi a mtima. Ine wanga ndi tiyi.” Maso awo anatera pachifuwa cha Madalo. “Ndipo ndaona mwanyamula fulasiki. Mmalawi sayenda wopanda tiyi, ngakhale kutenthe bwanji. Tandithirirako, mwana wanga. Kapu ili apoyo.”

Madalo anayang'ana Lucious. Lucious anayang'ana denga.

“Wazizira, adokotala,” anayesa Madalo.

“Ndimakonda wozizira.”

“Ndi wa dzana.”

“Ndiye wakhwima bwino. Thira.”

Madalo anathira. Burande wa 1964 anatsikira m'kapu ya tiyi yolembedwa dzina la kampani ya mankhwala a chifuwa, ndipo fungo lake linadzaza chipinda chonse mpaka kumakatani. Adokotala anaigwira kapuyo ndi manja awiri, anaikweza pang'onopang'ono kuchokera pachifuwa. Anatsinzina.

“Tiyi wabwino,” anatero potsiriza, mawu atasintha. “Akundikumbutsa chipinda china chapansi, chamdima, makoma ake akuda ndi nkhungu. Ndinalowamo ndili mnyamata, nditapita kukapempha Odile. Bambo ake sankadziwa Chingelezi, ine Chifalansa changa chinali cha m'buku. Anatunga pang'ono mumgolo, anandipatsa, n'kuima kundiyang'ana. Ine ndinaopa kumeza, ndinangokhala nako m'kamwa. Iwo anayesa ndine wodziwa. Anauza mwana wawo kuti munthu wodekha chonchi akhoza kumukwatira.” Anaseka pang'ono, n'kupukuta diso ndi chala. “Mgolo womwewo anausunga mpaka atakalamba. Botolo loyamba kutuluka mmenemo linali langa.”

Mthunzi anayang'ana pansi. Lucious anayang'ana wotchi.

“Koma tiyi wopanda mkaka si tiyi,” anatero adokotala, atatsegula maso. “Madalo, mufiriji muli mkaka. Ubweretsenso shuga.”

Madalo, yemwe chibadwire sanakanepo kutumidwa ndi wamkulu, anapita n'kubwera nazo. Lucious anapsinya bondo la Mthunzi pansi pa tebulo, kumuuza kuti akhale chete. Kapu imodzi yokha, yotsalayo ikadali yambiri, madalawo akangomwa tithawa. Adokotala anatsegula chigubu cha mkaka. Anachikweza pamwamba pa kapu. Anachipendeketsa. Mkaka unafika pamlomo wa chigubu, dontho loyera linalendewera.

“Ayi!”

Mthunzi anali ataimirira, tambula yake itagubuduka, dzanja lake litaphimba kapu ya adokotala. Mkaka unamuthira pamsana pa dzanja n'kuyenderera m'manja mwa ovolosi.

“Musathire, bambo, chonde! Ameneyu ndi wa 1964! Tiyi ndi uyo tamwa ifeyu!”

Lucious anatsetsereka pampando mpaka mutu wokha ndiwo unkaoneka. Madalo, yemwe anali chiimire ndi mbale ya shuga, anafunsa motsitsa ngati shugayo akufunikabe.

Adokotala anaika chigubu patebulo, n'kuchitseka bwinobwino.

“Ndimafuna ndione ngati pakati panu pali munthu,” anatero.

“Mu... mumadziwa?” anatero Lucious.

Mkuluyo anatulutsa foni m'thumba la jekete, anaidina, n'kuitembenuza. Munali Lucious ali pakhomo, atatembenukira anzake, manja m'mwamba ngati wagoletsa chigoli.

“Belu la pakhomo lili ndi kamera. Yandiitana ndili pakati pa nyimbo ya fuko.”

“Kamera?” anatero Madalo. “Injiniya, sunadziwe za kamera?”

“Akanalephera bwanji kudziwa,” anatero adokotala, “poti anandiikira ndi iyeyo, mwezi wa March? Ndinamupatsa ndi nkhuku yootcha.”

Anthu awiri anatembenuka kuyang'ana Injiniya.

“Ndimayesa mabatire anatha,” anatero.

“Ndipo tandiuza. Burande wopanda botolo lake, ali mufulasiki yonunkha tiyi, ukanamugulitsa kwa yani? Ukanati ndi wa 1964, umboni wake nkhope yakoyo?”

Injiniya analibe katoni yoti ayang'anepo.

Adokotala anaika foni patebulo, pakati pa matambula. Kumwetulira kunali kutachoka. “Mwalowa m'nyumba mwanga. Mwagwira chinthu chomwe ndinatsegula kamodzi kokha, tsiku lomwe ndinaika mkazi wanga m'manda. Lucious, iwe umandigwira mkono pokwera masitepe, ndinakupatsa nambala ya pakhomo ngati mwana wanga. Ndikadina manambala atatu apa, apolisi afika musanamange zingwe za nsapato.”

Mthunzi anaona September, anaona Flora, anaona ana ake akufunsa m'Chingelezi kuti adadi apita kuti. Anagwada pakapeti, mkaka ukudontha m'chigongono.

“Bambo, talakwa. Palibe chonena. Fote yathu yakwana.”

“Kapena,” anapitiriza adokotala, “ndikhoza kutumiza kanemayu kwa Mayi Chrissie. Ndiwo amayendetsa gulu la pafoni la Amalawi onse a ku Indiana, Michigan ndi Illinois. Sankhani. Apolisi kapena Mayi Chrissie?”

“Apolisi,” anatero Madalo mosaganiza n'komwe.

Mkuluyo anayesetsa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka kutsokomola, mpaka kambendera kanagwa pachifuwa.

“Mbava zanzeru ndikanaziopa. Inu mukungofunika ntchito. Mwati ndinu mapulambala? Paipi ikudonthadi, Lucious, kaikonze, ndipo Lachiwiri anditenge dalaivala wina, ndipo nambala ya pakhomo ndisintha lero. Madalo, makwerero ali m'galaja, m'ngalande za padenga mwadzaza masamba. Iwe Mthunzi, udzu. Loweruka lililonse mpaka chipale chofewa chigwe. Mukajomba kamodzi, kanema apita. Ndipo botololi lili ndi tiyi wambiri. Sataya chakudya m'nyumba muno. Lucious, ndiwe mwini pulani, umalize.”

Lucious ananyamula botolo lija kupita nalo kukhitchini ngati wanyamula mtanda wake. Atalikhuthulira m'jagi, adokotala anauza Mthunzi kuti alitsuke kasanu ndi madzi ofunda, aliumitse, abwezeremo mwini wake. Mthunzi anagwira ntchitoyo osataya ndi dontho lomwe. Za m'kapu zija adokotala anazithira m'tambula yoyera, n'kumukankhira.

“Wapulumutsa ndiwe. Lawa bwinobwino, osati mwakuba.”

Mthunzi anaigwira m'chikhatho mpaka inafunda. Anaikweza kuchokera pachifuwa. Anatenga kadontho, n'kukasiya palilime. Poyamba kanatentha pang'ono, kenako kutenthako kunasungunuka, kunatsala kutsekemera kwa zipatso zouma. Atameza anayesa zatha, koma ayi. Kunabwera mtedza wokazinga. Kunabwera utsi wakutali, ngati wa munda womwe wina akutentha kutsidya kwa phiri. Chimodzi chikamachoka chinzake chimalowa, mwaulemu, mopanda kukankhana.

“Ukumva chiyani, katswiri?”

“Sindikudziwa, bambo,” anatero Mthunzi. “Ine sindidziwa chilichonse.”

“Eya. Wayamba kuphunzira. Apongozi anga ankati wabwino amakhala m'kamwa mpaka ola lathunthu, ukapanda kumusokoneza. Pita, makina otchetchera ali kuseri.”

Panja dzuwa linali loswa mtengo. Madalo anali pamakwerero, akukwera sitepe imodzi n'kupemphera, sitepe ina n'kupemphera. Kubafa kunkamveka Injiniya akulimbana ndi paipi, ndipo nthawi ndi nthawi ankasiya paipiyo n'kulimbana ndi m'mimba mwake. Mthunzi anakankha makina muudzu wofika m'mawondo, ovolosi yomata pathupi, pakamwa atatseka kuti ndii.

Adokotala anatuluka pakhonde ndi jagi ya madzi a ayezi.

“Mthunzi! Bwera udzamwe madzi!”

Mthunzi anapukusa mutu, n'kuloza pakamwa.

Patapita mphindi makumi awiri anamuitananso. Anapukusanso mutu. Anatchetcha mzere wachisanu ndi chitatu, wachisanu ndi chinayi. Pa mzere wakhumi mitengo inayamba kuvina, makina anapita okha kumpanda, ndipo Mthunzi anagwa chagada m'maluwa a malemu Mayi Odile.

Anatsitsimuka ali pamthunzi, Madalo akumukupiza ndi chivindikiro cha bini, Lucious atanyowa thupi lonse ndi madzi a paipi yomwe tsopano inkadontha malo atatu. Adokotala anali atagwada movutikira pambali pake, zala zili pamtsempha wa dzanja lake, tambula ya madzi ili pamlomo pake.

“Zaka makumi anayi ndili dokotala, chitsiru chotere sindinachizepo. Imwa!”

Mthunzi anakankha tambulayo pang'ono ndi chala, maso ali kumwamba, lilime likuyendayenda m'kamwa.

“Dikirani kaye, bambo,” ananong'ona. “Lalanje lija labweranso.”